Zinthu 12 Zodabwitsa za Milkshake wa Mowa ndi Cereal

M'malesitilanti ndi m'mabala a ku New York, London ndi mizinda ina ikuluikulu muli chakumwa chimene chimasonkhanitsa zinthu zitatu zosayembekezeka kukumana: cereal wotsekemera amene ana amadya m'mawa ndi mkaka, ayisikilimu, ndi mowa waukali pang'ono. Chimabwera mu tambula yaitali yozizira, chokhathamira moti supuni imaima yokha pakati, ndipo pamwamba amawazapo tizidutswa ta cereal tokukuta. Ambiri akachiona amati ndi fasho ya achinyamata yomwe itha posachedwa. Komatu m'tambulamo muli mbiri ya zaka zoposa 130, ndipo kukoma kwake kumadalira malamulo a sayansi amene wophika sangawalumphe. Amene wazidziwa zinthu zimenezi amapanga chakumwa chabwino, ndipo amamwa mwanzeru. Nazi khumi ndi ziwiri.

1. Milkshake anabadwa ali ndi mowa kale

Dzina lakuti milkshake linayamba kuoneka m'zolembedwa ku America mu 1885, ndipo chakumwa chimene linkatchula chinali cha akuluakulu okhaokha. Ankasakaniza mkaka, mazira ndi whisky, n'kuzikhutchumula pamanja m'chitini chotseka mpaka zitachita thovu. Ena ankachimwa pofuna kusangalala, ena ngati chobwezeretsa mphamvu m'thupi. Pofika mu 1900 whisky anali atachokamo, ndipo m'malo mwake munalowa manyuchi a chokoleti, sitiroberi ndi vanila. Kenako kuyambira mu 1920 mpaka 1933 boma la America linaletsa kufulula ndi kugulitsa mowa m'dziko lonse. Mabala atatsekedwa, anthu anakhamukira m'masitolo ogulitsa mankhwala, mmene munali malo omwerapo zoziziritsa kukhosi, ndipo m'menemo milkshake anakula ngati chakumwa cha banja lonse. Choncho amene akuthira mowa mu milkshake lero akungobwezera chakumwachi kumene chinachokera.

2. Ma cornflakes anachokera kwa dokotala wodana ndi mowa komanso shuga

Dr. John Harvey Kellogg anali wa mpingo wa Seventh-day Adventist, womwewu umene unakhazikitsa mishoni ya Malamulo ku Thyolo. Kuyambira mu 1876 iye ankayendetsa chipatala cha Battle Creek Sanitarium m'chigawo cha Michigan. Odwala ake sankaloledwa mowa, fodya, khofi, tiyi ngakhale nyama, chifukwa ankakhulupirira kuti matenda ambiri amayambira m'mimba, ndipo chakudya chosakoleretsa ndicho chimachiza. Mu 1894 iye ndi mng'ono wake Will Keith Kellogg anapeza kuti tirigu wophika akakhalitsa, n'kumupitiriza m'zitsulo zophwanyira, amatuluka ali tizidutswa topyapyala tomwe timauma bwino mu uvuni. Pambuyo pake anayesa ndi chimanga, ndipo chinakoma kuposa tirigu.

Mkangano unabuka pa nkhani ya shuga ndi malonda. Will ankaona kuti anthu wamba sangagule chakudya chozizira mkamwa, pamene mkulu wakeyo sankafuna kumva za shuga. Mu 1906 Will anayambitsa kampani yakeyake, Battle Creek Toasted Corn Flake Company, ndipo ma cornflakes ake anali okoleretsa ndi shuga, mchere ndi chimera. Abalewa anakokerana kukhothi kwa zaka zambiri polimbirana dzina la Kellogg, mpaka mu 1920 pamene khothi lalikulu la Michigan linagamula mokomera Will. Chibale chawo sichinabwererenso mwakale.

3. Panali nthawi imene shuga ankalengezedwa pa dzina penipeni

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, ku America kunabadwa ana ambiri, ndipo wailesi yakanema inalowa m'makomo. Makampani anaona kuti mwana ndiye amaloza chogula m'sitolo. Kampani ya Post inatulutsa Sugar Crisp mu 1949. Kellogg's inabweretsa Sugar Frosted Flakes mu 1952, ndi nyalugwe wake wojambula Tony the Tiger, kenako Sugar Smacks mu 1953. M'zaka za m'ma 1980, makolo atayamba kuda nkhawa ndi mano ndi thupi la ana awo, mawu otchula shuga anachotsedwa pa mayina a cereal, koma shugayo anatsala m'kati. Mu 2011 bungwe la Environmental Working Group linapeza kuti Honey Smacks, amene kale anali Sugar Smacks, anali ndi shuga woposa 55 peresenti ya kulemera kwake konse. Phunziro kwa wopanga milkshake ndi lakuti cereal wotere ndi shuga kale. Kuwonjezera supuni ina ya shuga kapena manyuchi kumapha kukoma kwa zina zonse.

4. Tauni imodzi yaing'ono inapereka pafupifupi zipangizo zonse

Racine ndi tauni ya m'mbali mwa nyanja ya Michigan m'chigawo cha Wisconsin. Kumeneko ndi kumene William Horlick, amene anachokera ku England ndipo ankachita malonda ndi mkulu wake James, ankapangira ufa wa mkaka wouma wosakaniza ndi tirigu ndi chimera cha balere. Anaupangira makanda ndi odwala, ndipo ndiwo kholo la Horlicks amene timamuona m'masitolo mpaka lero. M'tauni yomweyo kampani ya Hamilton Beach inayamba kupanga makina amagetsi otakasira zakumwa cha m'ma 1911. M'tauni yomweyonso Stephen Poplawski anaganiza zoika timipeni tozungulira pansi pa jagi mu 1922, n'kubadwa blender.

Chomwe chinatsala chinachitikira ku Chicago, chapafupi pomwepo. Mu 1922 Ivar Coulson, wantchito m'sitolo ya Walgreens, anatenga chakumwa cha mkaka, chokoleti ndi ufa wa chimera, n'kuponyamo masupuni awiri akuluakulu a ayisikilimu wa vanila. Kuyambira pamenepo milkshake anakhala wokhathamira monga timamudziwira. Chimera chomwechi chilinso m'ma cornflakes, ndipo n'chifukwa chake mkaka wa ma cornflakes umamveka ngati unabadwira mu milkshake.

5. Makina a milkshake ndiwo anakuza McDonald's

Ray Kroc ankayenda m'mizinda kugulitsa makina otchedwa Multimixer, omwe ankatakasa ma milkshake asanu nthawi imodzi. Mu 1954 anadabwa kumva kuti lesitilanti imodzi ya ku San Bernardino ku California ili ndi makina otere asanu ndi atatu, okwana kupanga ma milkshake 40 pa kamodzi. Anapita kukaona yekha, ndipo anapeza abale awiri, Richard ndi Maurice McDonald. Chaka chotsatira Kroc anatsegula nthambi yake yoyamba ya McDonald's ku Des Plaines ku Illinois.

6. Chinsinsi chonse chili mu mkaka wotsalira pansi pa mbale

Aliyense amene anadyapo cereal amadziwa kuti mkaka womalizira, uja umamwedwa mopendeketsa mbale, ndiwo umakoma kwambiri. Amene anauika pa mndandanda wa zakudya za m'lesitilanti ndi Christina Tosi, katswiri wa makeke ndi zotsekemera amene ankagwira ntchito ndi David Chang m'malesitilanti a Momofuku ku New York. Mu Novembala 2008 anatsegula Milk Bar m'dera la East Village, ndipo ayisikilimu wake wa mkaka wa cereal anatchuka moti dzina lakuti Cereal Milk linalembetsedwa ngati chizindikiro cha malonda.

Njira yake ndi yosavuta, koma sitepe iliyonse ili ndi chifukwa. Amayala magalamu 100 a ma cornflakes pa thireyi n'kuwaika mu uvuni wa madigiri 150 kwa mphindi 15. Akamatuluka amakhala atadera pang'ono m'mphepete, ndipo khitchini yonse imanunkhira chimanga chokazinga. Akazizira amawathira mu jagi, n'kutsanuliramo mkaka wozizira wochepera pang'ono lita imodzi, kuvundula mwamphamvu, n'kuzisiya mphindi 20. Kenako amasefa pa sefa ya timabowo ting'onoting'ono, n'kumakanikiza phalalo ndi kumsana kwa chipande kuti mkaka wonse utuluke, koma mosamala kuti phala lenilenilo lisadutse. Mkaka umene umatsika umakhala wachikasu mopepuka. Amamaliza ndi shuga wabulawuni masupuni awiri ndi kamchere kotsina ndi zala.

Kukazinga kuja kumadzutsa fungo limene mkaka wozizira sungalitulutse pawokha. Kusefa kumateteza milkshake kuti asakhale ndi nsenga pa lilime. Mchere nawo umachepetsa kuliralira kwa shuga, n'kulola chimanga kumveka. Amene amangoponya cereal wouma mu blender pamodzi ndi zina zonse amapeza chakumwa cholemera ngati phala la dzulo, chifukwa sitachi amapitiriza kumwa madzi ndi kufufuma ali m'tambula.

7. Mu cereal muli chitsulo chenicheni

Makampani ambiri amawonjezera ayironi mu cereal wawo, ndipo kawirikawiri amakhala ufa wa chitsulo wosalala kwambiri. Mungathe kuuona ndi maso. Phwanyani cereal wokhala ndi ayironi wambiri m'thumba la pulasitiki, thiranimo madzi ofunda, dikirani kuti afewe, kenako yendetsani maginito wamphamvu kunja kwa thumbalo. Mudzaona kadontho kakuda kakutsatira maginitoyo. Chitsulochi n'chosaopsa, pakuti asidi wa m'mimba amachisungunula kuti thupi litengeko. Mavitamini ena amachita kupoperedwa pamwamba pa cereal akatha kuphikidwa, ndipo amatsukulukira mu mkaka pamodzi ndi shuga. Izi sizisandutsa milkshake wa mowa kukhala chakudya chopatsa thanzi, koma zikusonyeza kuti mkaka umakoka msanga zonse zimene zili pakhungu la cereal, ndipo mphindi 20 n'zokwanira.

8. Mitundu yonse ya Froot Loops imakoma chimodzimodzi

Timikombero ta Froot Loops, timene tinatuluka mu 1963, timabwera tofiira, tachikasu, tobiriwira, tapepo ndi mitundu ina. Ana ambiri amalumbira kuti kofiira kamakoma mosiyana ndi kobiriwira, koma kampani yake inavomereza kuti tonse tili ndi chokometsera chimodzi. Maso ndiwo amanyenga lilime. Kwa wopanga milkshake, vuto limabwera mitundu yonseyo ikaperedwa pamodzi: chakumwa chimatuluka chotuwa, chosakopa maso. N'chifukwa chake odziwa ntchito amaviika cereal wamitundumitundu kwa kanthawi kochepa, n'kusunga wina wouma wowaza pamwamba.

Wowazayo aikidwe pomaliza penipeni, tambula ili kale m'manja mwa mwini wake. Cereal amafewa msanga akakumana ndi chinyezi, ndipo nkhaniyi inafufuzidwapo ndithu: mu 1995 akatswiri atatu a ku Institute of Food Research ku Norwich ku England analandira mphoto yanthabwala ya Ig Nobel chifukwa cha kafukufuku wawo wa mmene madzi amafewetsera cereal.

9. Bourbon ndi ma cornflakes ndi ana a mbewu imodzi

Malamulo a ku America amanena kuti whisky aliyense wotchedwa bourbon apangidwe ndi mbewu zimene chimanga chake sichikuchepera 51 peresenti, ndipo asungidwe m'migolo yatsopano ya mtengo wa oak yowaulidwa ndi moto m'kati. Moto umenewo umaphwanya zina za m'thabwa n'kutulutsa vanillin, chinthu chomwecho chimene chimapatsa vanila fungo lake, komanso umapsereza shuga wa mu mtengowo. Ndiye bourbon akalowa mu mkaka wa ma cornflakes ndi ayisikilimu wa vanila, chimanga chimakumana ndi chimanga, vanila ndi vanila. Palibe cholimbana ndi chinzake.

Mfundo yomweyi ndiyo imatsogolera posankha zina. Cereal wa sinamoni, monga Cinnamon Toast Crunch amene General Mills inatulutsa mu 1984, amayenda bwino ndi rum wa nzimbe wokometsedwa ndi zonunkhiritsa. Pali ngakhale mowa wa kirimu wotchedwa RumChata, umene unafika pamsika mu 2009, womwe anthu ambiri ku America amati umakoma ngati mkaka wotsalira wa cereal ameneyu. Cereal wa chokoleti, monga Coco Pops, amakonda mowa wa khofi monga Kahlúa wa ku Mexico. Cereal wonunkhira zipatso amafuna vodka, amene alibe fungo lolimbana naye.

10. Mowa umasungunula ayisikilimu ngakhale uli wozizira

Madzi amaundana pa madigiri 0, koma mowa weniweni wosasakaniza umaundana pa madigiri 114 kunsi kwa ziro. Vodka kapena whisky wa 40 peresenti amafuna madigiri pafupifupi 27 kunsi kwa ziro, pamene mbali youndanitsa ya firiji ya pakhomo imalekezera cha pa 18 kunsi kwa ziro. N'chifukwa chake botolo la vodka silimauma mu firiji. Mowa ukalowa mu ayisikilimu umatsitsa mlingo umene madzi ake amaundanira, ndipo timiyala ta ayisi timene timagwira milkshake timayamba kusungunuka nthawi yomweyo. Amene amati awonjezere mowa kuti chakumwa chikhale champhamvu amatsala ndi mkaka wamadzimadzi.

Muyeso wabwino wa tambula imodzi ndi uwu: masikupu atatu akuluakulu a ayisikilimu wa vanila wouma gwa, mamililita 60 mpaka 80 a mkaka wa cereal wozizira kwambiri, ndi mamililita 30 mpaka 45 a mowa waukali. Ikani tambula ndi botolo la mowa mu firiji pasadakhale. Yambani ndi mkaka mu blender, kenako ayisikilimu, mowa pomaliza. Yatsani makina kwa timphindi tochepa, kuzimitsa, kuyatsanso, ndipo lekani pamene zangosakanikirana, chifukwa timipeni tikazungulira nthawi yaitali timatenthetsa chakumwa. Musaikemo ayisi, amangosukulutsa kukoma. Mukapendeketsa jagi, milkshake wabwino amatsika mwaulesi, n'kusiya mzere wokhuthala m'mbali mwa tambula. Wopanda blender angathe kufewetsa ayisikilimu pang'ono n'kutakasa ndi mpukutso m'mbale yozizira, ndipo zimatheka ndithu.

11. Mdani wa mkaka ndi asidi, ndipo ena anamusandutsa bwenzi

Puloteni wamkulu wa mu mkaka, casein, amayandama momwazikana pamene mkaka uli wabwinobwino, pa mlingo wa pH wa pafupifupi 6.7. Asidi akautsitsa kufika pa 4.6, puloteniyo amagwirana timibulu n'kulekana ndi madzi. Izi n'zimene zimachitika mkaka ukamasanduka chambiko. Choncho madzi a mandimu, vinyo, ndi mowa wa zipatso zowawasa zisayandikire milkshake. Mowa waukali kwambiri nawo umatha kugwiranitsa mkaka ukathiridwa wambiri pamalo amodzi, ndipo ichi ndi chifukwa china chouthira pomaliza, mafuta a ayisikilimu atateteza kale.

Kusunga kirimu ndi mowa m'botolo limodzi kwa miyezi yambiri kunali kovuta mpaka mu 1974, pamene Baileys anatuluka ku Ireland. South Africa inatsatira mu 1989 ndi Amarula Cream, wopangidwa ndi zipatso za mfula. Onse awiri ali ndi mphamvu ya pafupifupi 17 peresenti, ndipo chifukwa ndi ofatsa komanso ali kale ndi kirimu, sasungunula ayisikilimu msanga. Achewa okhala ku Johannesburg kapena Cape Town amachidziwa chakumwa chotchedwa Dom Pedro, chimene chimapezeka m'malesitilanti ambiri kumeneko: ayisikilimu wa vanila wotakasa ndi whisky, Kahlúa kapena Amarula, womwedwa pambuyo pa chakudya. Kuthiramo mkaka wa cereal ndi sitepe imodzi yokha kuchokera pamenepo.

Chodabwitsa n'chakuti kugwirana kwa mkaka kuli ndi ntchito yakenso. Mu 1763 Benjamin Franklin anatumizira mnzake James Bowdoin kalata yofotokoza kapangidwe ka chakumwa cha brandy, mandimu, shuga ndi mkaka wowira. Mkakawo unkagwirana mwadala, kenako ankasefa pa nsalu mpaka kutsala chakumwa choyera mbee, chofewa pakhosi, chosungika nthawi yaitali. Mabala ena amakono amachita zomwezi ndi mkaka wa cereal, moti munthu amalandira galasi looneka ngati vinyo woyera koma lonunkhira ma cornflakes.

12. Kuzizira, shuga ndi mafuta zimabisa mowa

Apa ndi pofunika kutchera khutu. Mu 2005 akatswiri a pa yunivesite ya Leuven ku Belgium anasonyeza kuti kanjira ka m'maselo a lilime kotchedwa TRPM5, kamene kamatumiza ku ubongo uthenga wa kutsekemera ndi kuwawa, kamagwira ntchito mofooka chakudya chikakhala chozizira. N'chifukwa chake ayisikilimu wosungunuka amatsekemera mopitirira. Mu milkshake wa mowa, kuzizira kumagonetsa lilime, shuga amaphimba kuwawa kwa mowa, ndipo mafuta a kirimu amachedwetsa chakudya kutuluka m'chifu kupita m'matumbo, kumene mowa wambiri umalowera m'magazi. Munthu amamwa osamva kutentha pakhosi, n'kumadziona ngati ali bwinobwino, kenako mowa umamupeza mochedwa, mwina ali kale pa chiwongolero.

Mamililita 45 a mowa wa 40 peresenti ali ndi magalamu 14 a mowa weniweni, ofanana ndi botolo limodzi la mowa wamba wa 5 peresenti la mamililita 355. Chiwindi chimafuna ola lathunthu kapena kuposerapo kuti chithane ndi mlingo umenewu, ndipo ayisikilimu sachepetsako kalikonse. Shuga nayenso ndi wambiri. Bungwe la World Health Organization linalangiza mu 2015 kuti shuga wowonjezera asafike 10 peresenti ya mphamvu zimene munthu amapeza m'chakudya cha tsiku, omwe ndi magalamu pafupifupi 50 kwa munthu wamkulu. Tambula imodzi ya masikupu atatu, mkaka wa cereal ndi mowa wa kirimu imatha kufika pamenepo payokha. Odwala matenda a shuga ayenera kuzilingalira bwino zimenezi, ndipo amayi oyembekezera asamwe n'komwe.

Choopsa chachikulu chili pa ana. Chakumwachi chimaoneka ngati chawo, chimanunkhira ngati kadzutsa wawo, ndipo mwana akachipeza patebulo sangadziwe kuti muli mowa. Thupi la mwana silichedwa kugonja: mowa wochepa umatha kutsitsa shuga wa m'magazi ake mpaka kukomoka. Ngati pakhomo pali ana, apangireni wawo poyamba, blender isanakhudze mowa, ndipo muwapatse m'makapu osiyana ndi a akuluakulu. Tambula ya munthu wamkulu isasiyidwe yokha, ndipo zotsala zitayidwe nthawi yomweyo.

Mlendo aliyense auzidwe zimene zili m'tambula asanalawe, pakuti pali ambiri amene samwa mowa chifukwa cha chipembedzo, mankhwala kapena chisankho chawo. Kwa iwowa mkaka wa ma cornflakes okazinga ndi ayisikilimu n'zokwanira kupanga milkshake wokoma kwambiri, chifukwa luso lalikulu lili pa kukazinga, kuviika, kusefa ndi kamchere kaja. Kwa amene amamwa, tambula imodzi pambuyo pa chakudya chamadzulo, pa tsiku limene sakuyendetsa galimoto, ndiyo mlingo woyenera.